Kalasi ya Loweruka ya ofuna PhD ya economics pa Kasungu boma, ndalama yanga sinapite pachabe koma pali zoti mudziwiretu

Anthu angapo akhala akundifunsa za kalasi ija imachitika Loweruka pa Kasungu boma, ya anthu ofuna kukachita PhD ya economics, makamaka amene mtima wawo uli pa nkhani ya kusiyana kwa olemera ndi osauka komanso mmene zimenezi zimakokerana ndi chuma cha dziko lonse. Ndiye mmalo moyankha mmodzimmodzi ndangoti ndilembe kamodzi basi. Kalasiyi ndi yabwino, ndalama yanga sindikuidandaula, koma si ya aliyense ndipo zilipo zina zimene zimandipweteka mtima mpaka pano. Dzina la mwini wake sinditchula poti sindinawapemphe, ife timangoti a Dokotala, kwawo nkonkuno ndipo PhD yawo anakachitira ku Joni.

Ineyo ndinachita masitazi ya economics ku Chanco, pano ndimagwira ntchito ndi makalabu a alimi a soya ndi mtedza cha ku Santhe ndi ku Chamama, ndiye mukamawerenga izi mudziwe kuti akulankhula ndi munthu wa pa ntchito, wa pa banja, amene masamu anawasiya kalekale.

Malo ake si apamwamba ayi. Ndi kachipinda kuseri kwa shopu ya fotokope, mipando ya pulasitiki, bolodi loyera limodzi, fani imodzi, koma ali ndi sola ndi invata ndiye magetsi akazima laputopu mumatchajabe, ndipo kwa ife a pa Kasungu chimenechi si chinthu chaching'ono. Mumakumana Loweruka mmawa mpaka masana, pakati pa sabata pamakhala Zoom madzulo, kenako gulu la pa WhatsApp limene amaponyapo ntchito. Fizi ndi ya pa mwezi, mumalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo ndi ndalama yoti mphunzitsi wa ku sekondale aiganizire kawiri asanatumize. Zimene amaphunzitsa ndi masamu, kagwiritsidwe ntchito ka data, kalembedwe ka pulopozo, ndi kusankha sukulu zoti mupangeko apulikeshoni.

Tsiku loyamba samayamba ndi nkhani zokoma za Paris kapena Cape Town, amangokupatsani pepala la mayeso. Calculus, ma matrix, Lagrangian, ndi kafunso kamodzi ka proof kumapeto. Ambirife tinatuluka thukuta. Mayi wina amene amagwira ntchito ku bungwe lina loona za ana anadandaula kuti iye chomwe akufuna nkuthandiza amphawi osati kulimbana ndi ma x ndi ma y, a Dokotala anamuyankha mofatsa kuti “achemwali, kumeneko sakakufunsani kuti amphawi mumawamvera chisoni bwanji, akakupatsani Bellman equation nkukuuzani kuti ithetseni pofika Lachisanu.” Ena anaona ngati nkhanza koma ine mpamene ndinayamba kuwakhulupirira, chifukwa ndi zoona. Ku America PhD ya economics imatenga zaka 5 kapena 6, ziwiri zoyambirira ndi makalasi okhaokha a micro, macro ndi econometrics, ndipo masukulu ambiri amakhala ndi mayeso akuluakulu kumapeto kwa chaka choyamba oti ukalephera umabwerako ndi masitazi ina mmanja basi. Munthu amene akukutengera ndalama koma nkukuuza zimenezi sabata yoyamba, ngakhale akudziwa kuti ena athawa, ameneyo sakukunamiza.

Pa masamupo amaphunzitsa bwino kwambiri, pang'onopang'ono, ndipo sachititsa munthu manyazi. Amagwiritsa ntchito kwambiri maphunziro aulere a pa intaneti a QuantEcon, amene anayambitsa Thomas Sargent ndi John Stachurski, ndipo amakakamira kuti tonse tiphunzire mapulogalamu a pa kompyuta osanthulira data otchedwa R ndi Python mmalo modalira Stata yokha, chifukwa laisensi ya Stata ndi ya madola pamene R ndi yaulere. Izi zinandisangalatsa chifukwa ambirife tinazolowera kudalira pulogalamu yokopera kwa mnzako imene imafa tsiku lomwe ukuifunitsitsa.

Koma chimene ndikufuna ndikhalitsepo ndi gawo la data, chifukwa mpamene ndinaona kuti ndalama yanga ikugwira ntchito. Amakuuzani kuti aliyense alembetse yekha pa Microdata Library ya World Bank ndi kukopera Integrated Household Survey (IHS), kafukufuku wa mabanja amene amachita a National Statistical Office (NSO) ku Zomba. Woyamba anali wa 1997/98, kenako 2004/05, 2010/11, 2016/17 ndi 2019/20, ndipo wa 2019/20 uja anafunsa mabanja oposa 11,000. Ndi zaulere izi abale, ine ndakhala zaka ndikungowerenga malipoti osadziwa kuti mafayilo enieniwo ndingathe kukhala nawo pa laputopu yanga kunyumba kwanga. Ntchito yoyamba amati werengerani nokha Gini, osakopera ya mu lipoti. Gini ndi kanambala kaja ka pakati pa 0 ndi 1, kamene Corrado Gini wa ku Italy anakatulutsa mu 1912, kakayandikira 0 ndiye kuti anthu akufanana, kakayandikira 1 ndiye kuti zonse zili mmanja mwa ochepa. Ya Malawi malinga ndi NSO inali 0.39 mu 2004/05, nkukwera kufika 0.45 mu 2010/11, kenako nkudzatsika kufika cha pa 0.38 mu 2019/20.

Mnyamata wina wa ku Mtunthama anabwera ndi nambala yosiyana ndi ya tonsefe, ali wotsimikiza kuti wapeza cholakwika cha NSO. A Dokotala anakoka mpando nkukhala pambali pake, anayang'ana khodi yake mzere ndi mzere, nkuloza ndi kapeni malo amodzi: sanaike ma weight. Banja limodzi la mu kafukufuku limaimira mabanja mazana ambiri, ndipo saimira mofanana, la mu tauni ndi la kumudzi kulemera kwake nkosiyana, ndiye ukangowerengera ngati onse ndi ofanana nambala imapotoka. Anamuuza kuti “achimwene, konzani apa kenako muonenso,” ndipo atakonza nambala inagwa pomwe panali anzake. Zinatenga mphindi zochepa koma tonse tinaphunzirapo kuposa semesita yathunthu.

Atatha apo anatifunsa funso limene mpaka lero limandizungulira mmutu. Pakati pa 2004 ndi 2011 chuma cha Malawi chimakula bwino, inali nthawi ya Bingu wa Mutharika, makuponi a feteleza a FISP anayamba mu 2005/06, chimanga chinali mbwee, koma umphawi unangotsika kuchoka pa 52.4 peresenti kufika pa 50.7 peresenti, ndipo Gini inakwera. Lipoti la Oxfam la 2015, limene analemba Richard Mussa ndi Winford Masanjala, linaonetsa kuti anthu 10 pa 100 alionse olemera kwambiri amagwiritsa ntchito chuma chochuluka ka 22 kuposa 10 osaukitsitsa mu 2004, ndipo pofika 2011 zinafika ka 34. Ndiye kukula kumene kuja kunapita kuti? Ndipo Gini itatsika mu 2019/20, umphawi ukadali pafupifupi theka la anthu, kodi ndiye kuti osauka anakwera, kapena apakati ndi amene anatsika, kapena olemera enieniwo kafukufuku sawafika? Funso lomalizali ndi lalikulu. Wofunsa mafunso wa kafukufuku amalowa mosavuta pakhomo la agogo kwa Chulu, amakhala pa mphasa nkufunsa kuti sabata ino mwadya chiyani, koma pa geti la mpanda wa njerwa mlonda amangoti abwana kulibe. Komanso Gini yathu imayeza zimene anthu amadya ndi kugula osati zimene amapeza, ndipo munthu wolemera sadya ndalama zake zonse, zambiri amasunga, amagula mapuloti, amabwereketsa boma. Nchifukwa chake a World Inequality Lab ku Paris, kwa a Thomas Piketty, amaphatikiza kafukufuku wa mabanja ndi zolembedwa za msonkho kuti awaone apamwambawo. A Dokotala amati munthu amene angadzathe kuika pamodzi IHS ndi data ya msonkho ya kuno mwa dongosolo, ameneyo ali ndi PhD mmanja. Amachenjezanso kuti musamayerekeze mwachisawawa 0.38 yathu ndi 0.63 ya South Africa ngati kuti zinayezedwa ndi anthu amodzi tsiku limodzi, muyambe mwawerenga mmene aliyense anayezera.

Kalasi imene sindidzaiiwala ndi ya kugwa kwa kwacha. Analemba pa bolodi madeti atatu okha: Meyi 2012 nthawi ya Joyce Banda, Meyi 2022 pamene kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndi Novembala 2023 pamene inatsitsidwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha pa K1,180 kufika K1,700, masiku ochepa IMF isanavomereze kupatsa Malawi ngongole ya Extended Credit Facility (ECF). Kenako anati aliyense atchule munthu mmodzi wa kwawo ndipo afotokoze kuti mwezi umenewo unamupeza bwanji. Poyamba tinangoti aliyense anavutika, iwo anakana, anati mawu akuti aliyense ndi amene akufuna tiwasiye pakhomo tikamalowa. Ndiye tinayamba kusanthula. Fodya pa okushoni ya Chinkhoma amagulidwa pa mtengo wa madola, msika umatsegulidwa cha mu Epulo nkutha chilimwe chisanafike pachimake. Mlimi wamng'ono amene anagulitsa mabelo ake mu Juni 2023 analandira makwacha pa mtengo wakale, ndalamayo inapita ku fizi, ku ngongole, ku malata, ndiye Novembala akuti agule feteleza wa munda watsopano akupeza mtengo wasintha. Pamene kugwa kwa mu Meyi 2022 kunabwera msika uli mkati, amene anali asanagulitse anapezako makwacha ochulukirapo. Mwezi wokha umene chiganizo chapangidwa ku Lilongwe ukusintha kuti wolira akhala ndani. Munthu wa ganyu malipiro ake sakwera tsiku lomwelo, amatsalira miyezi, pamene sopo, mafuta ophikira ndi thiransipoti zakwera usiku womwewo, ndipo banja losauka gawo lalikulu la ndalama zake limathera pa chakudya ndiye mitengo ya zakudya ikathamanga kuposa ya zinthu zina, inflation yawo si imene timamva pa wailesi ija, yawo ndi yokwera kuposa pamenepo. Mbali inayi kuli amene ali ndi akaunti ya madola kapena katundu wodzaza mu sitolo amene anamugula pa mtengo wakale. Kenako Reserve Bank inakweza policy rate, chiwongola dzanja chimene mabanki amatsatira, kufika 26 peresenti mu Febuluwale 2024, amene ali ndi ndalama zogulira ma treasury bill, mapepala obwereketsera boma ndalama, akulandira chiwongola dzanja chonona, ndipo chiwongola dzanjacho akulipira ndi boma kuchokera mu misonkho, kuphatikizapo VAT imene inakhala pa 16.5 peresenti kwa zaka zambiri, imene mayi wogula shuga pa Nkhamenya amalipira mofanana ndi bwana.

Tinatuluka mochedwa tsiku limenelo ndipo palibe amene anadandaula za nthawi. Pulopozo yanga inachokera pamenepa, ndikufuna kuona mmene kugwa kwa kwacha kumagawira ululu pakati pa mabanja a alimi kutengera mbewu imene amalima ndi mwezi umene amagulitsa, ndipo IHS ili ndi kagawo kena kotsatira mabanja omwewo mu 2010, 2013, 2016 ndi 2019, ndiye 2012 ili pakati pa maulendo awiri oyambirirawo, mungathe kuona banja lomwelo kugwa kusanachitike ndi kutachitika.

Ubwino wina ndi wakuti amaidziwa Kasungu ndipo saichita manyazi. Amatikumbutsa kuti kusiyana kwa kuno sikunagwe kuchokera kumwamba. Nthawi ya Kamuzu lamulo la Special Crops Act linkachititsa kuti fodya wa burley ndi wa flue-cured akhale wa maesiteti, mlimi wamng'ono amalima mitundu ina nkugulitsa ku ADMARC pa mtengo wotsika, ndipo phindu limene ADMARC imapeza limakathandiza kukuza maesiteti omwewo. Jonathan Kydd ndi Robert Christiansen analemba zimenezi mu 1982, ndipo a Dokotala amati aliyense wa Kasungu kapena Mchinji wofuna PhD ya nkhaniyi aiwerenge pepala imeneyo asanayambe kutchula mayina a azungu otchuka. Alimi ang'onoang'ono anayamba kuloledwa kulima burley cha mu 1990. Matenanti ambiri anachokera ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe, kukhala chaka chonse akudya chimanga cha ngongole kwa mwini munda, podzagulitsa fodya nkuuzidwa kuti zonse zathera ku ngongole. Mu Novembala 2019 America inaika chiletso pa fodya wa ku Malawi pa nkhani ya ntchito yokakamiza ndi ya ana, ndipo mu 2021 lamulo la ntchito linasinthidwa kuthetsa utenanti. Ife amene timayenda mmidzimu timadziwa kuti lamulo kulembedwa ndi kwina, moyo wa pa munda kusintha ndi kwinanso, ndipo mu kalasi mwathu muli mtsikana amene makolo ake anali matenanti, iyeyo ndi amene akulemba za nkhaniyi. Mmene amamuthandizira a Dokotala, kumulimbikitsa kuti mbiri ya kwawo aisandutse funso loti lingayezedwe ndi manambala, ndi chimodzi mwa zifukwa zimene ndimawalemekezera. Mnzathu wina wa ku Mchinji, amene amabwera mwa apo ndi apo poti ulendo wake ndi wautali, akulemba za Mtukula Pakhomo, amene anayambira kwawo komweko mu 2006, kuti ndalama ija mphamvu yake imatsala yotani mitengo ikamakwera iyo ili pamodzimodzi.

Pa theory ya macro, maphunziro a chuma cha dziko lonse, amayambira patali ndithu. Simon Kuznets mu 1955 ankaganiza kuti dziko likamatukuka kusiyana kumayamba kwakwera kenako nkutsika kokha, Piketty mu buku lake la 2013 anati ayi, phindu la chuma chosungidwa likamaposa kukula kwa chuma cha dziko kusiyana kumangokulirakulira, ndipo ngakhale akatswiri a IMF, Ostry, Berg ndi Tsangarides, mu 2014 anapeza kuti maiko amene kusiyana nkochepa chuma chawo chimakula mokhalitsa. Kenako amafika pa ma model, masamu oyerekezera mmene chuma chimayendera. Akale ambiri amatenga dziko lonse ngati munthu mmodzi wapakatikati, zimene kuno zili ngati kuphatikiza mwini esiteti ndi tenanti wake nkunena kuti aliyense ali ndi theka la thirakitala. Atsopanowa, kuyambira kwa Aiyagari mu 1994, Krusell ndi Smith mu 1998, mpaka model yotchedwa HANK ya Kaplan, Moll ndi Violante mu 2018, amalola kuti mabanja akhale osiyana, ena ali ndi chosunga ena alibe, ndipo chiwongola dzanja chikasintha aliyense chimamukhudza mwa njira yake. Chimene ndinakonda nchakuti sapembedza ma model amenewa. Amanena poyera kuti anapangidwira maiko amene pafupifupi aliyense ali pa malipiro ndipo ali ndi akaunti ku banki, pamene kwathu kuno anthu ambiri amadya zimene alima, amasunga chuma mu mbuzi ndi mu banki mkhonde, amabwereka katapila, ndipo amagulitsa chimanga motchipa mu Meyi nkudzachigulanso modula mu Janyuwale. Amati ntchito yathu nkuwaphunzira bwinobwino kuti tidzathe kuwasintha, chifukwa sungasinthe chinthu chimene suchidziwa mkati mwake. Apa ndiye pamavuta zedi, gawo limeneli ambiri limatisiya mmbuyo, ndipo ine ndikuona kuti amalithamangitsa kwambiri.

Tsopano zimene sizili bwino, ndipo ndizinena mosabisa poti mukalipira ndalama zanu.

Nthawi sasunga. Munthu wadzuka mbandakucha, wakwera kabaza mpaka pa msewu, wadikira minibasi idzaze, wafika 8 koloko, iwo nkutulukira cha mma 9 koloko, nthawi zina uthenga umabwera pa WhatsApp muli kale panjira kuti lero kulibe kalasi apita ku Lilongwe. Kalasi yolephereka sabweza ndalama, amati tidzabwezera tsiku lina, tsikulo limavuta kupezeka. Kwa ine ndi nkhani yaikulu chifukwa Loweruka limenelo ndakhala nditapempha munthu wondisungira ana.

Zoom ya pakati pa sabata kwa ife okhala kunja kwa boma ndi yongotaya bandulo, netiweki imadukaduka, mawu amabwera bolodi litafufutidwa kale, ndipo tawapempha kambirimbiri kuti azijambula kalasiyo nkutumiza kuti tizikopera usiku koma zimachitika mwa kamodzikamodzi. Gulunso lakula kwambiri ndipo asakaniza anthu a masitazi ndi amene angomaliza digiri yoyamba, ndiye ena akutopa ndi kubwereza ena akusochera. Pulopozo akaigwira amaigwiradi, yanga inabwera yofiira peji iliyonse, pena analemba kuti “funso lanu lili kuti apa madamu? izi ndi madandaulo,” pena anadula ndime yathunthu nkulemba mmbali kuti ndisonyeze kaye kuti data yoyankhira ilipo, ndipo zonsezo zinali zoona komanso zothandiza. Vuto ndi kudikira kwake, mutha kukhala milungu osamva kanthu deti yotsekera ikuyandikira.

Pa kusankha sukulu amadziwa kwambiri za ku Joni ndipo amakokera konko. Amafotokoza bwino za University of Cape Town, kumene kuli nthambi za kafukufuku za SALDRU ndi African Centre of Excellence for Inequality Research, za Southern Centre for Inequality Studies ku Wits ku Johannesburg, komanso za African Economic Research Consortium (AERC) ya ku Nairobi, bungwe limene linayamba mu 1988 ndipo kuyambira 2002 lili ndi pulogalamu ya PhD yochitira limodzi ndi mayunivesite a mu Africa monga Dar es Salaam, Ibadan, Yaoundé II ndi Cape Town. Amatchulanso UNU-WIDER, bungwe la kafukufuku wa zachuma la United Nations ku Helsinki, ngati malo oti muziyang'anako data ndi mwayi wa ophunzira a PhD. Malangizo amenewa ndi abwino ndipo kwa munthu wa pa banja ngati ine kufupi nkwabwino. Koma mukafunsa za ku Ulaya kapena ku America mayankho amakhala apatalipatali, za Commonwealth Scholarship ndi sikolashipu ya DAAD ya ku Germany amangokuuzani kuti kaoneni pa webusaiti, ndipo nkhani ya makalata a umboni ochokera kwa malekichara, imene ndi yolemera kwambiri pa apulikeshoni ya PhD, amangoidutsa. Ambirife tinachoka ku koleji zaka zapitazo, lekichara sakutikumbukanso nkhope, timafunika kuthandizidwa mmene tingayambirenso ubale umenewo, mwina pogwira naye kafukufuku, osangoti lembani imelo. Chimodzi chimene amanena mobwerezabwereza ndipo ndikugwirizana nacho: PhD ya economics musalipire ndi ndalama za mthumba mwanu, musagulitse puloti, ngati sukulu sikukupatsani sikolashipu ndiye kuti dikirani chaka china.

Ndipo pali china chimene chimandiwawa. Kalasi yophunzitsa za kusiyana kwa olemera ndi osauka, koma okhalamo ndi ife amene tili ndi malipiro, laputopu ndi ya thiransipoti. Ndikudziwa ana anzeru kwambiri amene anamaliza economics ali kumudzi akuthandiza makolo ku dimba, fizi iyi sangaikwanitse. Ndinawafunsapo a Dokotala, anandiuza kuti lendi ya chipinda ndi mabatire a sola sizilipidwa ndi chifundo, koma alipo awiri amene amawaphunzitsa ulere mwakachetechete. Ndikumvetsa, nawonso ali ndi banja, komabe ndikanakonda malo aulerewo akanalengezedwa poyera kuti aliyense adziwe kuti angapemphe, mmalo moti afike kwa okhawo amene ali ndi wowalankhulira.

Samalonjeza kuti mupeza malo, ndipo samakulemberani pulopozo, wina anayesa kuwapatsa ndalama yapadera kuti amulembere anabwezedwa pamaso pa tonse. Ngati mukufuna dzina loti dokotala mwachangu kumeneku musapiteko, mukataya ndalama. Ngati masamu munawathawa ku koleji ndipo simukufuna kubwererako, musapitekonso. Koma ngati muli ndi masitazi kapena digiri yabwino ya economics, statistics kapena agricultural economics ya ku Bunda, ndipo funso loti chifukwa chiyani boma lolima fodya wochuluka chonchi lili ndi anthu ogona ndi njala mu Febuluwale limakusowetsani tulo, pitani, muzikawakumbutsa za nthawi ndi za kujambula Zoom, koma pitani.

Mupite ndi laputopu yanuyanu ngakhale yakale, thiransikiripiti yanu chifukwa amafuna aone magiredi a masamu ndi econometrics asanakulandireni, ndipo muyambe msanga. Masukulu ambiri a ku America amatseka maapulikeshoni mu Disembala ndi Janyuwale, zotsatira za GRE, mayeso olowera amene masukulu amenewa amafuna, zimagwira ntchito zaka 5 pamene za IELTS, mayeso a Chingerezi, ndi zaka 2 zokha ndiye musathamangire kulemba IELTS pulopozo isanapse. Mayeso onsewa ndi fizi ya apulikeshoni mtengo wake umatsatira ndalama zakunja, ndipo ndi kusowa kwa forex kumeneku khadi la ku banki limatha kukana pa tsiku lomaliza, choncho nkhani ya kalipiridwe muikonzeretu miyezi ingapo deti isanafike.